Kuimikanso Agogo: Ntchito ya Dokotala wa Mafupa a Okalamba

Tiyerekeze kuti ndi mwezi wa Januwale, ndipo mvula yagwa usiku wonse m'mudzi wina kuseri kwa Mitundu. Kusanache, agogo aakazi a zaka za m'ma 70 atuluka m'nyumba kuti apite kuchimbudzi. Pakhonde pali poterera, phazi latsetsereka, agwera cham'mbali. Sanagwe mumtengo, sanagundidwe ndi galimoto. Angogwa monga timagwera tonsefe nthawi ya dzinja n'kudzuka tikuseka. Koma iwo sakudzuka.

Mdzukulu wawo athamangira panja. "Agogo, mwatani?"

"Ndaterereka, mwana wanga. Tandigwira dzanja. Ayi, ndisiye kaye, mwendowu sukulola."

Pounika ndi tochi ya foni, mdzukuluyo aona kuti mwendo umodzi wafupika pang'ono ndipo phazi lake lagonera kunja. Palibe bala, palibe magazi. Ambiri a ife tikanakhalapo tikanati agogo angobinya, tiwathowe ndi madzi otentha, pakapita masiku awiri adzakhala bwino. Koma kufupika kwa mwendo, kugonera kunja kwa phazi ndi ululu wa m'mphechepeche ndi zizindikiro zoti fupa la ntchafu lathyoka kumtunda, pamene limalowa m'chiuno. Kuyambira m'mawa umenewu, tsiku lililonse limene agogowa akhale chigonere likuchepetsa mwayi woti adzayendenso, ndiponso mwayi woti adzakhalebe ndi moyo chaka chamawa.

M'phunziro lino tiona ntchito ya dokotala amene agogowa akumufuna: katswiri wa maopaleshoni a mafupa amene amaika mtima pa anthu okalamba. Tiona zimene amachita, mmene ntchitoyi inakulira m'dziko muno, njira ya maphunziro yofikira kumeneko, ndi mbali imene ikugwera ife ophunzira ndi abale a okalamba.

Chifukwa chake fupa la wokalamba silichedwa kuthyoka

Munthu wamkulu ali ndi mafupa 206, ndipo mafupawo ndi amoyo. Tsiku ndi tsiku thupi limagumula fupa lakale n'kumanga latsopano. Paunyamata kumanga kumaposa kugumula, moti mafupa athu amafika pachimake cha kulimba tikamayandikira zaka 30. Kuchokera pamenepo kugumula kumayamba kuposa pang'onopang'ono. Kwa amayi zimathamanga kwambiri akasiya kusamba, chifukwa mahomoni amene ankateteza mafupa amachepa. Fupa likafooka kwambiri, madokotala amati munthu ali ndi osteoporosis. Fupa lotere lili ngati phaso lodyedwa ndi chiswe: kunja likuoneka lathunthu, koma mkati mwatsala mphako zokhazokha. Matendawa sapweteka, choncho ambiri amadziwa kuti ali nawo tsiku limene athyoka.

Zina zimene zimafulumizitsa kufooka kwa mafupa ndi kusuta fodya, kumwa mowa kwambiri, kuchepa thupi chifukwa chosowa zakudya, kukhala osayenda, ndi kumwa kwa nthawi yaitali mankhwala monga prednisolone. Kachilombo ka HIV nakonso kamafooketsa mafupa, ndipo popeza anthu ambiri amene ali pa ma ARV tsopano akufika pa ukalamba, madokotala amayang'anira mafupa awo mwapadera. Ichi si chifukwa chosiyira mankhwala, koma chifukwa chopitira kukaonana ndi achipatala.

Pali malo atatu amene amathyoka kawirikawiri. Oyamba ndi dzanja, pamwamba pang'ono pa pamene timavala wotchi, chifukwa munthu akamagwa amatchinjiriza ndi chikhatho. Dokotala wa ku Dublin, Abraham Colles, anafotokoza kuthyoka kumeneku mu 1814, ndipo mpaka lero kumadziwika ndi dzina lake. Dzanja limapindika ngati foloko, ndipo nthawi zambiri limawongoledwa n'kuikidwa chikhakha kwa milungu pafupifupi 6. Malo achiwiri ndi msana, pamene timafupa timaphwanyika n'kufupika, agogo n'kuyamba kuwerama. Achitatu ndi chiuno, ndipo amenewa ndiwo oopsa koposa.

Choopsa chachikulu ndi kugona

Fupa lothyoka lokhalo silipha munthu kawirikawiri. Chimene chimapha wokalamba ndi zimene zimabwera iye akagona malo amodzi kwa milungu. Mapapo satambasuka bwino, makhololo amaunjikana, chibayo n'kulowa. Khungu la kumatako ndi kuzidendene limaphwanyika n'kukhala zilonda zozama zovuta kupola. Magazi amaundana m'mitsempha ya m'miyendo, ndipo chibuluma chikaduka n'kukatseka m'mapapo munthu amatha kufa mwadzidzidzi. Minofu imaphwa msangamsanga, moti ngakhale fupa litalumikizana, mwendo umakhala ulibe mphamvu yonyamula thupi. Kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana amasonyeza kuti mwa okalamba 10 othyoka chiuno, awiri kapena atatu amamwalira chaka chisanathe, ndipo ambiri mwa otsalawo sabwereranso pa mayendedwe awo akale.

Anthu ena amene anazindikira zimenezi msanga anali madokotala awiri a ku Hastings, ku England, m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960. Michael Devas anali dokotala wa maopaleshoni a mafupa, ndipo Bobby Irvine anali dokotala wa matenda a okalamba. Iwo anayamba kuyendera odwala limodzi, wina akuyang'ana fupa, wina akuyang'ana mtima, mapapo, impso ndi maganizo. Mfundo yawo inali yoti opaleshoni ya wokalamba ikhale yomulola kuponda pansi nthawi yomweyo, ndipo ukalamba usakhale chifukwa chomukanira opaleshoni. Kagwiridwe ka ntchito kameneka kanafalikira m'mayiko ambiri. Lero malangizo a zaumoyo ku England amati wothyoka chiuno achitidwe opaleshoni tsiku lomwe wafika kuchipatala kapena mawa lake, ndipo tsiku lotsatira opaleshoniyo athandizidwe kudzuka pabedi.

Apa ndi pamene pali kusiyana kwa ntchitoyi ndi kuchiza mafupa a achinyamata. Mnyamata wa zaka 20 angathe kupirira miyezi iwiri pabedi n'kudzuka. Agogo nthawi imeneyo alibe. Choncho dokotala wa mafupa a okalamba sakhutira ndi chithunzi cha X-ray chokongola. Amakhutira akaona agogo ataima, atagwira ndodo, akupita okha kuchimbudzi.

Ulendo wochokera ku Mitundu ndi ku Nathenje

Tibwerere kwa agogo athu aja. Dokotala amene angawathandize ali ku Lilongwe, makilomita oposa 30 kuchokera ku Mitundu, kudzera msewu wa ku Bunda. Koma ulendo umayambira pakhonde, ndipo zambiri zimalakwika kapena kuyenda bwino asanafike n'komwe pamsewu wa tala. Banja liyenera kugwirizana kaye kuti apite kuchipatala. Pena amalume ali kutali ndipo akudikiridwa kuti alamule. Pena ndalama ya ulendo ikudikira kuti mtedza kapena fodya agulitsidwe. Pena wina akuti ayambe apita kwa sing'anga wolumikiza mafupa. M'dzinja misewu ya m'midzi imakhala matope, ndipo chokwera chopezeka msanga ndi njinga yamoto ya kabaza, imene munthu wothyoka chiuno sayenera kukwezedwa. Ngolo yoyalidwa matiresi ndi yabwinopo.

Ku Mitundu kuli chipatala chogoneka odwala, chimene chimathandiza midzi yambiri yozungulira. Ku Nathenje, m'mbali mwa msewu wa M1 wopita ku Dedza, kuli chipatala chaching'ono. Pa vuto ngati ili, ntchito ya zipatala zotere ndi kuzindikira kuti fupa lathyoka, kupereka mankhwala opha ululu, kumanga mwendo kuti usagwedezeke, kuyeza magazi ndi shuga, ndi kulemba kalata yotumiza wodwala kuchipatala chachikulu. Opaleshoni ya chiuno imafuna chipinda cha opaleshoni chokonzedwa bwino, zitsulo zoika m'thupi, wogonetsa odwala, magazi oonjezera ndi dokotala wodziwa ntchitoyo. Kwa anthu a chigawo chapakati, zimenezi zimapezeka makamaka ku Kamuzu Central Hospital.

Akafika kumeneko, agogo sali okha pamzere. Msewu wa M1 ndi njinga zamoto zimabweretsa tsiku ndi tsiku achinyamata othyoka miyendo, ena fupa litatulukira kunja. Bala lotere silingadikire, chifukwa likalowa tizilombo mwendo ungadulidwe. Choncho dokotala amakhala ndi odwala ambiri kuposa maola a m'chipinda cha opaleshoni, ndipo tsiku lililonse ayenera kusankha woyamba. Wodwala wopanda bala, wachete, wogona pakona, ndi wosavuta kumuiwala. Mbali ina ya ntchito ya dokotala wa okalamba ndi kukumbutsa anzake kuti wachete ujanso ali pangozi, ngakhale ngozi yake sikuoneka ndi maso.

Zimene dokotala amaganiza asanagwire mpeni

Dokotala wabwino sayambira pa X-ray. Amayamba ndi moni ndi mafunso. "Agogo, pepani ndi ululuwu. Musanagwe munkayenda bwanji? Munkafika kudimba? Munaterereka, kapena munayamba mwamva chizungulire?" Mayankho amamuuza zinthu ziwiri: mphamvu zimene agogo anali nazo, zomwe ndi zimene akufuna kuwabwezera, ndi chimene chinawagwetsa. Ngati ndi mtima, shuga, ng'ala kapena mankhwala a kuthamanga kwa magazi amene akuwachititsa chizungulire, ndiye kuti kukonza fupa lokha n'kuwabweza kunyumba kuti akagwenso.

Kenaka amayang'ana pamene fupa lathyokera. Kumtunda kwa fupa la ntchafu kuli mutu wobulungira umene umalowa m'chiuno monga munsi ulowera mumtondo, ndipo mutuwo umalumikizana ndi fupa lonse kudzera pa kakhosi. Mitsempha yodyetsa mutuwo imadutsa pakakhosipo. Fupa likathyokera pakhosi n'kusuntha, mitsemphayo imaduka, ndipo mutu umatha kufa ngakhale utalumikizidwa bwino. N'chifukwa chake kwa okalamba dokotala nthawi zambiri amachotsa mutuwo n'kuikapo wachitsulo. Fupa likathyokera m'munsi mwa khosi, pamene magazi amayenda bwino, limatha kulumikizana lokha likagwiridwa, ndipo dokotala amaligwira ndi chitsulo chomanga ndi masikuluwu kapena chitsulo cholowa mkati mwa fupa. Njira yolowetsa chitsulo m'mphako ya fupa inayambitsidwa ndi Gerhard Küntscher wa ku Germany mu 1939.

Kumanga chitsulo m'fupa lofooka ndi luso palokha. Aliyense amene anayesapo kukhoma msomali pathabwa lofumbwa akudziwa kuti sugwira. Dokotala ayenera kuika sikuluwu pamalo enieni pamene fupa likadali lolimba, apo ayi idzang'amba fupa agogo akangoponda. Ayeneranso kugwira ntchito mwachangu, chifukwa thupi lokalamba silipirira kutaya magazi ambiri kapena kukhala nthawi yaitali pa tebulo. Odwala ambiri otere amabayidwa jakisoni wa pamsana wochititsa dzanzi kuyambira m'chiuno kutsika, m'malo mogonekedwa tulo.

Opaleshoni ikatha, ntchito sinathe. Anamwino amatembenuza wodwala ndi kuyang'anira bala. A mafizo amamudzutsa n'kumuphunzitsa kuyenda ndi ndodo. Gadiyani amaonetsetsa kuti agogo akudya ndi kumwa madzi okwanira. Okalamba ambiri amasokonezeka mutu kwa masiku angapo akathyoka kapena akachitidwa opaleshoni: amalankhula zosamveka, saona bwino kuti ali kuti, amatha kuona anthu amene palibe. Izi zimabwera chifukwa cha ululu, kuchepa kwa madzi m'thupi, matenda a m'chikhodzodzo kapena mankhwala, ndipo nthawi zambiri zimatha choyambitsacho chikachizidwa. M'dziko limene okalamba ena amanamiziridwa ufiti chifukwa cha zolankhula zawo, kufotokozera banja zimenezi momveka ndi mbali ya chithandizo.

Mmene ntchitoyi inakulira ku Malawi

Kwa zaka zambiri dziko lathu linalibe madokotala a mafupa okwanira ngakhale zipatala zikuluzikulu zokha. Mu 1985, Dr Edward Blair wa ku Canada, amene ankagwira ntchito ndi bungwe la Malawi Against Polio, anayambitsa maphunziro a ma orthopaedic clinical officer. Anthu amene anali kale pantchito ya chipatala ankaphunzitsidwa za mafupa kwa miyezi 18, kenaka n'kutumizidwa m'zipatala za m'maboma. Mu 2008, Pulofesa Nyengo Mkandawire pamodzi ndi Christopher Ngulube ndi Christopher Lavy analemba lipoti la ntchitoyi. Linasonyeza kuti pa nthawiyo Malawi anali ndi anthu pafupifupi 13 miliyoni, madokotala 266, ndipo mwa iwo a maopaleshoni a mafupa anali 9 okha. Ma clinical officer a mafupa amene anali ataphunzitsidwa anali 117, ndipo 82 anali akugwirabe ntchito ndi odwala. Mpaka lero, Mmalawi wothyoka fupa nthawi zambiri amayamba waonedwa ndi clinical officer, osati dokotala wa maopaleshoni.

Chifukwa cha kuchepa kwa zipangizo, njira yofala yochizira fupa la ntchafu yakhala yokoka mwendo: kachitsulo kamabooledwa pafupa la m'munsi mwa bondo, n'kumangirira chingwe ndi cholemera kumapazi kwa bedi, wodwala n'kugona milungu 6 kapena kuposerapo. Ambiri a ife tinaonapo zimenezi pokazonda odwala. Njirayi yapulumutsa miyendo yambiri pamene panalibe china, koma taona kale zimene kugona kotere kumachita kwa wokalamba.

Kusintha kunabwera pang'onopang'ono. Mu 1999, Dr Lewis Zirkle wa ku United States anayambitsa bungwe la SIGN, limene limapanga zitsulo zolowetsa m'fupa zoti dokotala angathe kuika popanda makina ojambula a m'chipinda cha opaleshoni, ndipo limazipereka ku zipatala za m'mayiko osauka, kuphatikizapo Malawi. Mu 2002 chipatala cha Beit CURE chinatsegulidwa ku Blantyre. Dr Linda Chokotho ndi anzake anachita kafukufuku m'zipatala za m'dziko muno poyerekeza akuluakulu othyoka fupa la ntchafu amene anakokedwa mwendo ndi amene anaikidwa chitsulo. Anapeza kuti oikidwa chitsulo ankabwerera msanga pa moyo wawo wa tsiku ndi tsiku, ndiponso kuti opaleshoni inali yosaboola m'thumba la chipatala poyerekeza ndi kusunga munthu pabedi milungu yambiri. Mu 2023, pabwalo la Kamuzu Central Hospital panatsegulidwa Lilongwe Institute of Orthopaedics and Neurosurgery, imene ambiri amangoti LION, yomangidwa mothandizana ndi abwenzi a ku Norway, kuphatikizapo chipatala cha Haukeland cha ku Bergen, ndi bungwe la AO Alliance. Kwa anthu a ku Mitundu ndi ku Nathenje, chipatala cha mafupa chimenechi chili m'boma lawo lomwe.

Komabe kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni m'dziko muno, ndipo pamene anthu akukhala ndi moyo wautali, okalamba othyoka mafupa azichulukirachulukira. Nyumba ndi makina zimamangidwa ndi kugulidwa m'zaka zochepa. Kuphunzitsa munthu wozigwiritsa ntchito kumatenga nthawi yaitali kuposa pamenepo.

Njira ya maphunziro

Wofuna kukhala dokotala wa maopaleshoni a mafupa amayambira ku sekondale, pokhoza bwino Biology, Chemistry, Physics, Masamu ndi Chingerezi pa mayeso a MSCE. Sukulu yoyamba ya udokotala m'dziko muno, College of Medicine, inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndipo kuyambira 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Wochokera ku MSCE amachita chaka chimodzi chokonzekera, kenaka zaka 5 za digiri ya MBBS. Akamaliza amagwira ntchito moyang'aniridwa m'chipatala chachikulu kwa miyezi pafupifupi 18 asanalembetsedwe mokwanira ndi Medical Council of Malawi.

Pamenepo ndi pamene amayamba ukatswiri. Angathe kuchita digiri ya MMed ya mafupa, kapena kudzera ku COSECSA, koleji ya madokotala a maopaleshoni ya mayiko a kum'mawa, pakati ndi kum'mwera kwa Africa, imene inakhazikitsidwa mu 1999. Ku COSECSA munthu amaphunzira akugwira ntchito m'chipatala chovomerezeka: zaka 2 za maopaleshoni osiyanasiyana, kenaka zaka 3 za mafupa. Tikawerengetsa, kuchokera pa MSCE kufika pa ukatswiri ndi zaka zoposa 12. Luso la mafupa a okalamba limabwera pamwamba pa zimenezi, pogwira ntchito ndi akatswiri anzake, pochita maphunziro apadera ndi kafukufuku.

Si tonse tidzayende njira yaitali chonchi, ndipo mutu umodzi susenza denga. Dokotala wa maopaleshoni sangachite kanthu popanda clinical officer amene anazindikira vuto ku Mitundu, namwino wa m'chipinda cha opaleshoni, wogonetsa odwala, wojambula X-ray, wa ku labotale amene wayeza magazi, ndi wa mafizo. Anzathu amene akuphunzira ku Malamulo College of Health Sciences za unamwino, za udokotala wa clinical officer ndi za labotale ali kale pakhomo la ntchito imeneyi. Clinical officer angathe kupitiriza maphunziro n'kukhala wa mafupa, ndipo iye ndiye amakhala pafupi kwambiri ndi midzi.

Zimene ntchitoyi imafuna kwa munthu

Ndi ntchito ya manja ndi ya thupi. Dokotala amaima maola ambiri, amagwiritsa ntchito dirilo, nyundo ndi macheka, amaitanidwa usiku. Amafunika maso oona fupa mbali zonse kuchokera pa chithunzi chafulati. Koma kwa odwala okalamba pamafunikanso kudekha. Agogo ena samva bwino, ena amaopa chitsulo m'thupi, ena amati "ndakalamba kale, musavutike nane." Dokotala ayenera kukhala pansi, kulankhula nawo iwo eni osati ana awo okha, kufotokoza m'Chichewa chomveka ubwino ndi kuopsa kwa opaleshoni, n'kulemekeza chimene asankha.

Ayeneranso kukhala woona mtima. Ena mwa odwala ake adzamwalira ngakhale opaleshoni itayenda bwino. Ena sadzafikanso kudimba, koma adzatha kukhala pampando pakhonde popanda ululu, ndipo chimenechonso ndi phindu. Padzakhala masiku amene chitsulo choyenera palibe, kapena magazi palibe, ndipo ayenera kuchita zimene zingatheke popanda kunamiza banja. Anzake ena amene anaphunzira nawo adzapita kunja kumene malipiro ndi okwera. Wotsalayo amatsala podziwa kuti kuno dzanja limodzi loonjezera limasintha kutalika kwa mzere wa odikira.

Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. M'midzi ya ku Nathenje ndi ku Mitundu agogo ambiri ndiwo akulera adzukulu, kuphika, kusunga mbewu ndi kuyang'anira pakhomo makolo ali ku tauni kapena ku Joni. Agogo akagona, nthawi zambiri mtsikana wa m'banjamo ndiye amasiya sukulu kuti aziwasamalira. Dokotala akaimika agogo, mtsikana uja amabwerera m'kalasi.

Mbali yathu, kuyambira tchuthi chikubwerachi

Choyamba ndi kupewa kugwa. Tikapita kumudzi tiyende njira imene agogo amayenda usiku kuchokera pogona kufika kuchimbudzi. Tisalaze mabampu, tithire mchenga kapena timiyala poterera, tiike chogwirira m'bafa ndi m'chimbudzi, tiwagulire tochi, tiwasemere ndodo yolimba ya msinkhu wawo. Ngati maso achita ng'ala, tiwaperekeze kuchipatala, chifukwa ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi. Ngati akudandaula chizungulire, tinyamule mankhwala awo onse tikawaonetse achipatala.

Chachiwiri ndi chakudya ndi kuyenda. Mafupa amafuna calcium ndi zomanga thupi. Zimenezi zimapezeka mu mkaka, usipa ndi matemba odyedwa ndi minga yomwe, soya, nyemba, mtedza, ndi masamba monga bonongwe ndi nkhwani. Kuwothera dzuwa kumathandiza thupi kupanga vitamini D. Tisawaletse agogo ntchito zonse poganiza kuti tikuwalemekeza, chifukwa kuyenda ndi tintchito topepuka ndi zimene zimasunga mphamvu za miyendo. Ifenso amene tili m'zaka za m'ma 20 tikumanga tsopano mafupa amene tidzayendere tili ndi zaka 70.

Chachitatu ndi kudziwa chochita agogo akagwa. Tisawakakamize kuimirira ndipo tisakoke mwendo kuti tiuwongole. Tiike nsalu yopindapinda pakati pa miyendo, timange miyendo yonse iwiri pamodzi ndi zitenje, tiwanyamule pa chitseko kapena thabwa, tiwafunditse. Ngati pali bala, tiliphimbe ndi nsalu yoyera osathirapo mankhwala azitsamba, dothi kapena phulusa, chifukwa zimenezi zimabweretsa mafinya ndi kafumbata. Titenge buku lawo la kuchipatala ndi mankhwala amene amamwa, tinyamuke tsiku lomwelo. Tikumbukirenso kuti ena othyoka chiuno amatha kuponda pang'ono masiku oyamba, choncho wokalamba aliyense amene wagwa n'kumamva ululu m'chiuno kapena m'mphechepeche ayenera kukajambulidwa.

Chachinayi ndi magazi. Maopaleshoni a chiuno nthawi zambiri amafuna magazi oonjezera, ndipo a Malawi Blood Transfusion Service amadalira kwambiri ophunzira. Akabwera pasukulu pathu, tikumbukire kuti opaleshoni ya munthu wina imatha kuimitsidwa chifukwa chosowa botolo limodzi.

Agogo a kuseri kwa Mitundu aja akanyamulidwa bwino m'mawa womwewo, akazindikiridwa msanga, akatumizidwa ku Lilongwe n'kupeza dokotala, chitsulo ndi magazi, angathe kuima ndi ndodo patangopita tsiku limodzi kapena awiri chichitikireni opaleshoni, n'kubwerera kwawo chimanga chisanakhwime. Akakhala pamphasa milungu itatu akuthowedwa, dokotala yemweyo adzalandira munthu wa zilonda ndi chibayo, amene mwina sangapirirenso opaleshoni.

Mafunso okambirana

1. N'chifukwa chiyani kugona nthawi yaitali kuli koopsa kwa wokalamba kuposa kwa wachinyamata? Tchulani mavuto anayi amene amabwera.

2. Kwanu, ndani amalamula kuti wodwala apite kuchipatala? Mungachite chiyani, mwaulemu, ngati akuluakulu a banja akufuna kudikira kapena kuyamba apita kwina?

3. Muyerekeze kuti ndinu dokotala ndipo nthawi yatsala ya opaleshoni imodzi lero. Pali mnyamata wa kabaza wothyoka mwendo wopanda bala, ndi agogo othyoka chiuno amene adikira kale masiku asanu. Mungaganizire zinthu ziti posankha?

4. Pa ntchito zonse zimene zatchulidwa m'phunziroli, ndi iti imene ikugwirizana ndi maphunziro anu, ndipo mungayambe bwanji kuikonzekera chaka chino?

5. Lembani zinthu zitatu zimene mukakonze pakhomo pa wokalamba mmodzi amene mukumudziwa, ndi tsiku limene mukazichite.